Foni ya VoIP ikuduka yokha: yambani ndi rauta

Funso lochokera ku Ulongwe, m'boma la Angónia: Amisiri, m'sitolo yathu ya mbewu ndi feteleza tinaika foni ya pa tebulo yoyendera intaneti, yolumikizidwa ku rauta ya 4G. Ndikaimba ndimawamva koma iwo sandimva, ndipo mphindi isanakwane imaduka yokha. Fakisi nayo imafika theka. Mnyamata amene anatiikira akuti tisiye AnyDesk, pulogalamu yolowera mu kompyuta uli kutali, yotsegula usana ndi usiku kuti azikonza ali ku Tete. Nditani?

Yankho: Bambo, foniyo musaitaye, ilibe mlandu. Imbaninso mutagwira wotchi. Ikaduka pa masekondi 32, nthawi zambiri wolakwa ndi SIP ALG, kapulogalamu ka mu rauta yanu.

Foni ya mtundu uwu imayenda njira ziwiri. SIP ndi yogogoda pakhomo: kuimba, kuyankha, kudula, ndipo imadutsa pa port 5060. Mawu enieni amapita padera, pa RTP. Winayo akayankha, pamayenera kubwera uthenga wotsimikiza wotchedwa ACK. Ukasochera, seva imadikira masekondi 32 n'kudula. Chosocheretsa chake ndi SIP ALG. Iyo imatsegula mauthenga a SIP n'kusintha ma adiresi a m'kati poganiza kuti ikuthandiza, chonsecho seva ya amene amakupatsani nambala imadziwa kale kuchita zimenezo. Akakonza awiri, mawu anu amatumizidwa kumene kulibe munthu. N'chifukwa chake mumamva nokha.

Lowani mu rauta pa kompyuta. Za Huawei zambiri zimatseguka pa 192.168.8.1, ndipo SIP ALG Settings ili pansi pa Security. Pa TP-Link onani pa NAT Forwarding, kenako ALG. Chotsani chizindikiro pa SIP, musunge. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amazimitsa ALG, n'kuyesa pomwepo, n'kunena kuti sizinatheke. Rauta imakhala ikukumbukirabe njira zakale. Zulani zonse ziwiri ku magetsi, yatsani rauta iyambe yagwira netiweki, foni pambuyo. Ndiye imbirani foni ya m'manja mulankhule mphindi ziwiri zathunthu, kenako ya m'manjayo iimbire ya pa tebulo. Yesani mbali zonse, chifukwa ALG nthawi zina imawononga mafoni olowa okha.

Ma rauta ena otchipa alibe pozimitsira. Musalimbane nawo. Mu foni sinthani Transport kuchoka pa UDP kupita pa TLS, port 5061, ngati okupatsani nambala amalola. Mauthenga amayenda obisika, ALG siyiwaona n'komwe. Ikaninso keep-alive, timauthenga tosunga njira yotsegula, pa masekondi 20 kapena 30, apo ayi foni ikakhala chete kwakanthawi anthu azikuimbirani osalira.

Zotsegula ma port musataye nazo nthawi. Onani adiresi ya WAN, imene rauta imapatsidwa ndi kampani ya netiweki: ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti adiresi yotulukira panja mukugawana ndi makasitomala ena, zomwe n'zofala pa makadi a foni, choncho kutsegula ma port sikuthandiza. Kaya kadi ndi ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, onani nokha. Liwiro la intaneti si nkhani: pa njira zopanikizira mawu, G.711 imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, G.729 pafupifupi 31. Koma chaja ya rauta ndikuikayikira. Ngati munalowetsa ya pamsika, yopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu, magetsi akangogwedezeka rauta imayambiranso n'kudula foni. Werengani kunsi kwa rauta, mugule yolingana ma volti ndi ma ampu. Zambiri ndi 12V.

Fakisi pa 4G ndi yovuta chibadwire, kamawu kakangotayika pang'ono tsamba limaduka. Yatsani T.38, njira yotumizira fakisi pa intaneti, pa ATA, kabokosi kolumikiza fakisi ku rauta, tsitsani liwiro pa 9600, zimitsani ECM (yokonza zolakwika pa fakisi), ndipo G.729 isayandikire. Zikakana, lembetsani fakisi yofikira pa imelo muzitumiza PDF.

Za AnyDesk ndikukana. Pulogalamuyo ndi yabwino, koma kuisiya pa Unattended Access, yolola munthu kulowa inu osavomereza, n'kupatsa munthu kiyi wa sitolo. Pa kompyuta yomweyo pali mabuku a ngongole za alimi, imelo, mwina ndi akaunti ya ku banki. Mnyamatayo angakhale wokhulupirika, nanga laputopu yake ikabedwa? Zimitsani Unattended Access. Akafuna kulowa ayambe waimba, inu mudine Accept, mukhale pompo mukuona zimene akuchita, akamaliza mutseke. Wina akaimba n'kumati ndi wa ku banki, wa M-Pesa kapena wa e-Mola, n'kupempha kuti muike pulogalamu yotere muwerenge nambala yake, dulani foni. Remote Desktop ya Windows, yolowera kutali ngati AnyDesk, ya pa port 3389, izimitseni ngati simuigwiritsa ntchito, makamaka pa Windows 7 imene Microsoft inasiya kuikonza mu Januwale 2020.

Ndipo mukalowa mu foni ya pa tebuloyo, sinthani mawu achinsinsi. Ndikudziwa akadali admin. Akuba akagwira akaunti ya SIP amaimba kunja usiku wonse, ngongole n'kukhala yanu.