Ntchito yatha pa fakitale ku Indiana: kodi boma lingalipire sukulu ya mathiraki?

Bambo wina wa ku Malawi amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, wandilembera kalata. Anabwera ndi green card ya mayere ali ndi zaka 29, ndipo wakhala akugwira ntchito pa fakitale ina ya ku Elkhart yopanga galimoto zogonamo zija amati RV. Mwezi wathawu fakitaleyo inachotsa anthu ambiri tsiku limodzi osawachenjeza, iyenso ali momwemo. Akufuna kuphunzira kuyendetsa mathiraki kuti atenge CDL, laisensi yoyendetsera galimoto zikuluzikulu za malonda. Mnzake wa kutchalitchi wamuuza kuti ndalama za boma zophunzitsira anthu ntchito ndi za nzika zokha, pomwe wina wa pasukulu ina ya mathiraki akumukakamiza kuti alipire yekha msanga, ati boma lidzamubwezera. Akufunsa ngati ali ndi ufulu pa ndalamazi, komanso choti achite akamukana. Nali yankho langa.

Bambo, pepani ndi zomwe zakugwerani. Ndiyambe ndi chinthu chosafuna kudikira: musalipire sukuluyo, ndipo musasayine pepala lililonse la ngongole, mpaka a ku ofesi ya za ntchito atakulembani m'pulogalamu ndi kuvomereza maphunzirowo polemba. Ndalama zimenezi zimachoka ku ofesi kupita kusukulu. Sizidutsa m'thumba mwanu, ndipo kawirikawiri sizibweza fizi yomwe munthu analipira yekha asanavomerezedwe. Amene akukulonjezani za kubwezeredwayo si amene amasayina.

Lamulo lomwe likukhudza nkhani yanu ndi Workforce Innovation and Opportunity Act, mwachidule WIOA. Pulezidenti Barack Obama analisayina pa 22 Julaye 2014, kulowa m'malo mwa lamulo la 1998. Kwathu tinazolowera TEVETA imodzi yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko lonse, koma kuno zinthu zinagawidwa patatu. Ndalama zimachokera ku boma lalikulu ku Washington. Bwanamkubwa wa chigawo amasankha bodi yomwe imalemba pulani ya zaka zinayi, ndipo lamulo limati anthu oposa theka la bodiyo akhale a mabizinesi, pomwe oimira ogwira ntchito asachepere 20 pa 100 alionse. Bwanamkubwayo angathe kusunga ndalama zosapitirira 15 peresenti za mapulogalamu a chigawo chonse, komanso mpaka 25 peresenti ya thumba la anthu ochotsedwa ntchito kuti athamangire nazo komwe fakitale yatseka. Zotsalazo zimatsikira ku mabodi a m'madera. Ku Indiana woyendetsa zonsezi ndi Department of Workforce Development, ndipo maofesi omwe inu mumakalowamo amatchedwa WorkOne. South Bend ndi Elkhart zili pansi pa bodi imodzi ya dera.

Ndafotokoza izi chifukwa mukadziwa amene anapanga lamulo liti, mumadziwa chitseko choti mugogode. Zoti ndani angalowe m'pulogalamu zinalembedwa ku Washington, ndipo wa pa desiki sangazisinthe. Mndandanda wa sukulu zololedwa kulandira ndalamazi ndi wa chigawo, ku Indiana umatchedwa INTraining. Koma kuchuluka kwa ndalama zomwe munthu mmodzi angalipiridwe, ndi ntchito zomwe akuziona kuti zikufunika pamsika, zimenezo amakonza ndi a bodi ya dera. N'chifukwa chake m'bale wanu wa ku Indianapolis kapena ku Texas angakuuzeni zina, inu n'kukapeza zina, popanda wonama.

Mnzanu wa kutchalitchi walakwitsa. Gawo 188 la WIOA limatchula momveka bwino anthu ololedwa: nzika, anthu a green card, othawa kwawo omwe analandiridwa mwalamulo, ndi ena onse omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito m'dziko muno. Gawo lomwelo limaletsa tsankho chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lomwe munthu anachokera, zaka, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso chipani chomwe amachikonda. Munthu wa green card akakanidwa chifukwa choti si nzika, lamulo laphwanyidwa. Adzakufunsani mapepala, ndipo ali ndi mphamvu yotero, choncho tengani khadi lenilenilo, osati chithunzi cha pa foni. Pamafomu pali malo ofunsa ngati ndinu nzika ya America. Apa chonde dekhani, werengani kawiri. Kuchonga kuti ndinu nzika musali, ngakhale chifukwa cha changu, kungakubweretsereni mlandu wa za imigireshoni wokhoza kukulanditsani green card, ndipo kukonza kwake n'kovuta kwambiri.

Palinso funso la Selective Service, kaundula wa amuna omwe angaitanidwe ku usilikali. Mwamuna aliyense wobadwa kuyambira 1 Januwale 1960 yemwe ankayenera kulembetsa ali ndi zaka 18 mpaka 25 koma sanatero amavutika kupeza ndalamazi. Inu munalowa m'dziko muno mutapitirira zaka 26, ndiye simunkayenera kulembetsa, koma muyenera kusonyeza umboni wake. Pasipoti yokhala ndi chidindo cha tsiku lomwe munalowa ndi yomwe imathetsa nkhaniyi.

Tsopano pamene pagona funso lanu. Ufulu wolowa pakhomo muli nawo, koma ufulu wolandira ndalama za sukulu mulibe. Gawo 194 la WIOA limanena mosabisa kuti palibe munthu amene angatenge chithandizochi ngati chake chomwe boma lili nacho ngongole. Thumba likauma, lauma, ndipo khothi silingalamule kuti akulipirireni. Chaka cha ndalamazi chimayamba pa 1 Julaye, moti amene amapita mochedwa, makamaka pamene mafakitale angapo achotsa anthu nthawi imodzi, amatha kuuzidwa kuti adikire. Chomwe lamulo limakupatsani ndi chakuti akuyeseni ndi muyeso womwe akuyesera ena onse, popanda tsankho, ndipo mukhale ndi njira yodandaulira. Zimaoneka zochepa, komatu anthu ambiri omwe amabwerera chimanjamanja amakhala kuti sanakanidwe n'komwe. Anangomva mawu a pakamwa pa desiki, n'kutembenuka.

Inu mupemphe kulembedwa ngati dislocated worker, munthu amene ntchito yamuthera popanda kulakwa kwake. Ubwino wa khomo limeneli ndi woti sayamba ndi kufunsa kuti banja lanu limapeza zingati, pomwe pa khomo la akuluakulu wamba amatsogoza olandira chithandizo cha boma, opeza zochepa ndi omwe sukulu kapena Chingerezi chikuwavuta. Asilikali opuma amatsogola pa makomo onse. Kuti mulowe, musonyeze kuti anakuchotsani, kuti mukuyenera kulandira ndalama za ulova kapena munagwira ntchito nthawi yokwanira, ndiponso kuti n'zokayikitsa kuti mungabwerere ku ntchito ya mtundu womwewo. Ngati fakitale yatsekeratu kapena yachotsa anthu ochuluka, njira yake imafupika.

Pamenepa kalata yomwe anakupatsani pa fakitale ndi yofunika kuposa mmene mukuganizira. Mafakitale a RV amadziwika ndi kuchotsa anthu malonda akatsika n'kuwaitananso akakwera. Ngati kalatayo ikunena kuti mwaimitsidwa kwa kanthawi ndipo yatchula tsiku lobwerera, mlangizi angathe kunena kuti ntchito yanu ikadalipo. Ngati ikunena kuti ntchito yatheratu, kapena sinatchule tsiku lililonse, muli pabwino. Ngati sanakupatseni kalata, lemberani a ofesi ya antchito pa fakitalepo kuti akupatseni, ndipo sungani imelo yomwe mwatumizayo.

Mukalembedwa, mudzapatsidwa mlangizi. Iye ayenera kukhutira kuti simungapeze ntchito yokudyetsani popanda maphunzirowa, kuti mungathe kuwamaliza, ndi kuti ntchitoyo ikufunika m'dera lanu kapena komwe mungasamukire. Angakulembetseni mayeso a kuwerenga ndi masamu. Adzafunsanso ngati pali thandizo lina, monga Pell Grant, ndalama ya boma lalikulu yothandizira ophunzira opeza zochepa, chifukwa ndalama za WIOA zimabwera pomwe zina zalephera kapena zaperewera. Mufunseni za Workforce Ready Grant, yomwe Indiana inayamba mu 2017 yolipirira masatifiketi ena m'sukulu ngati Ivy Tech, ndipo tengani satifiketi yanu ya MSCE, poti angafune kuti iunikidwe ngati ikufanana ndi ya sekondale ya kuno. Zonse zikayenda, amakutsegulirani akaunti ya maphunziro, ndipo sukulu mumasankha ndinu, mothandizana ndi mlangiziyo, bola ikhale pa mndandanda uja. Pa nkhani ya CDL pali mndandanda wachiwiri. Kuyambira pa 7 Febuluwale 2022, wofuna laisensiyi koyamba ayenera kuphunzira pa sukulu yomwe ili m'kaundula wa bungwe la FMCSA, la boma lalikulu loyang'anira za chitetezo cha mathiraki ndi mabasi, apo ayi saloledwa kuyesedwa pamsewu. Onani dzina la sukuluyo m'mindandanda yonse iwiri ndi maso anu. Musachite manyazi kufunsanso za ndalama ya mafuta kapena yolipirira wolera ana, chifukwa lamulo limalola thandizo lotere ngati bodi ya dera ili nalo, ndipo sikuti nthawi zonse amayamba okha kulitchula.

Akakukanani, pemphani mwaulemu kuti akulembereni chifukwa chake, komanso akupatseni pepala lofotokoza njira ya madandaulo. Lembani tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye. Njira zodandaulira zilipo ziwiri, ndipo kuzisokoneza kumadyetsa nthawi.

Ngati mukuona kuti sanatsate malamulo a pulogalamu, mwachitsanzo akana kuti ndinu dislocated worker pomwe mapepala anu akukwana, dandaulo limayambira pa dera pomwepo, pansi pa Gawo 181 la WIOA. Amayamba ndi kuyesa kugwirizana, zikakanika mumakhala pansi pamaso pa womva nkhani, ndipo zonsezi zithe m'masiku 60 chiperekereni dandaulo. Akapanda kuyankha, kapena yankho likapanda kukukomerani, mumachita apilo ku chigawo, komwenso ali ndi masiku 60. Pamwamba pake pali nduna ya za ntchito ku Washington: muli ndi masiku 60 kuchokera tsiku lomwe mwalandira chigamulo cha chigawo, kapena masiku 120 kuchokera tsiku lomwe munapereka apilo ngati chigawo changokhala chete. Musayembekezere chipukuta misozi chambiri panjira imeneyi. Phindu lake ndi loti chigamulo cholakwika chikonzedwe.

Ngati ndi tsankho, njira ndi ina. Muli ndi masiku 180 kuchokera tsiku lomwe zinachitika. Mungathe kudandaula kwa mkulu woona za kusasankhana wa m'dera kapena wa chigawo, kapenanso kulunjika ku Civil Rights Center ya unduna wa za ntchito ku Washington. Mukayambira pafupi, iwo ali ndi masiku 90 oti akupatseni chigamulo cholemba. Chikapanda kukusangalatsani, muli ndi masiku 30 okha oti mupite nacho ku Washington, ndipo akapanda kuyankha konse, masiku 30 omwewo amayamba kuwerengedwa pamene 90 aja atha. Dandaulolo likhale lolemba, litchule dzina ndi adiresi yanu, amene mukumudandaula, zomwe zinachitika, ndipo musayine. Lembani mawu enieni omwe ananenedwa. Kunena kuti "anandiyang'ana monyoza" n'kovuta kutsimikiza, koma kunena kuti tsiku lakutilakuti, nditaonetsa green card, ndinauzidwa kuti pulogalamuyi ndi ya nzika zokha, imeneyo ndi nkhani yogwirika. Lamulo limaletsa kuti akubwezereni chifukwa chodandaula.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa kuti tikalandira chithandizo cha boma tidzavutika pofunsira unzika. Ndalama za ulova si mphatso: amazisonkha ndi olemba ntchito pa malipiro omwe inu munakhetsera thukuta. Funso loti munthu adzakhala mtolo wa boma limafunsidwa pofuna green card, osati pofunsira unzika. Lingabwerenso ngati mutakhala kunja kwa America masiku opitirira 180, choncho ngati mukuganiza zokapumira kumudzi nthawi ya ulovayi, musakhalitse, komanso dziwani kuti muli kunja simungakhale wokonzeka kugwira ntchito monga mmene a za ulova amafunira.

Ngati simunalembetse ndalama za ulova pa Uplink, tsamba la pa intaneti la ofesi ya za ulova ya Indiana, chitani lero, poti amawerenga kuyambira sabata yomwe mwalembetsa, ndipo sabata iliyonse muzitumiza voucher yanu, fomu yopemphera ndalama ya sabatayo. Malamulo a boma lalikulu amati munthu amene ali pa maphunziro ovomerezedwa ndi chigawo asalandidwe ndalamazi chifukwa choti sakufunafuna ntchito. Chitetezo chimenechi ndi cha maphunziro ovomerezedwa okha. Mukadzilembetsa nokha pa sukulu ya tsiku lonse musanauze aliyense, mungataye fizi ndi ndalama za ulova zomwe. Kalata iliyonse yochokera ku ofesi ya za ulova imakhala ndi tsiku lomaliza kuchita apilo, ndipo masiku ake ndi ochepa, ndiye muziitsegula tsiku lomwe yafika.

Mwanena kuti anakuchotsani tsiku limodzi, osachenjezedwa. Lamulo la WARN la 1988 limati kampani ya antchito 100 kapena kuposa ipereke chidziwitso cholemba cha masiku 60 isanatseke malo omwe anthu 50 kapena kuposa ataye ntchito, kapena isanachotse anthu 500, kapenanso anthu 50 mpaka 499 ngati akukwana 33 peresenti ya antchito a pamalopo. Ikalephera, ingalamulidwe kulipira malipiro a masiku omwe inaba, mpaka 60. Pali zothawirapo, monga kugwa kwa malonda kosayembekezereka, ndipo kuimitsidwa kosapitirira miyezi 6 sikuwerengedwa ngati kutha kwa ntchito. Unduna wa za ntchito suzenga milandu imeneyi, amasuma ndi ogwira ntchito eni ake ku khothi la boma lalikulu, kawirikawiri ngati gulu. Fufuzani kwa anzanu kuti munachotsedwa angati ndipo pamalopo munalipo angati, kenaka mutenge kalata ija ndi mapepala a malipiro a miyezi yapitayi mupite nazo kwa loya wa za ntchito wa ku Indiana, kapena ku Indiana Legal Services komwe amathandiza opeza zochepa mwaulere. Zomwe ndalembazi zachokera pa kalata yanu yokha, ndipo loya amene agwire mapepalawo m'manja ndi amene angakuuzeni ngati mlandu wa WARN ulipo.