Azakhali, a Papa ndinawaona, koma chapatali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, kungoti ndinali m'kalasi. Mwafunsa ngati a Papa ndinawaonadi ku Roma kuja kapena ndinangokajambulitsa zithunzi, komanso za kolona wanu. Ndingoyankha pakamwa, kulemba zala zingatope.

Eee, ndinawaona. Koma zoti tinapatsana moni wa m'manja, monga akunenera amalume m'gulu muno, ayi, amalume akuwonjezera mchere. Zimakhala chonchi: Lamlungu 12 koloko masana, akakhala kuti ali ku Roma, a Papa amatulukira pa windo la nyumba yaitali imene ili pambali pa bwalo la Petulo Woyera, n'kutsogolera pemphero la Angelus. Pa windopo amapachikapo nsalu yofiirira kuti anthu adziwe poyang'ana. Ndiye inu muli pansi, khamu losaneneka, mbendera za mayiko osiyanasiyana, masisitere akuimba uko, ana akulira uku. Atatulukira, chimene maso anga anaona ndi kamunthu kovala zoyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Nkhope ndinaionera pa makanema akuluakulu amene anaika m'bwalomo. Amalankhula Chitaliyana, ngakhale kwawo ndi ku Chicago ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Peru asanasankhidwe mu 2025. Ine Chitaliyana changa n'chogulira buledi, moti ndinangotolako apo ndi apo. Sizitenganso nthawi, mwina mphindi 15, akadalitsa basi alowa.

Zoti mwina ndinafunika visa ina, ayi. Vatican ndi dziko palokha, inde, koma laling'ono zedi, mahekitala 44 okha, ndipo kulowa m'bwalomo palibe amene amafunsa pasipoti. Ine ndinangokwera sitima yothamanga kuno ku Bologna, maola awiri ndi mphindi pang'ono ndafika pa siteshoni ya Termini. Anzanga a kuno anandichenjezeratu kuti mu basi nambala 64, imene imachoka pa Termini kupita cha ku Vatican, mumakhala opisa m'matumba, ndiye chikwama ndinachikumbatira pamimba njira yonse.

Koma azakhali, chimene ndikufuna ndikuuzeni kwenikweni ndi cha m'kati mwa tchalitchi cha Petulo Woyera. Kulowa ndi kwaulere, koma mzere wake, mayo ine, dzuwa likuswa mtengo, kenako akusecheni pa makina. Ndipo pali lamulo lakuti mapewa ndi mawondo zisaonekere. Mnzanga wa ku Brazil anavala kabudula, alonda anamubweza pakhomo pomwepo. Mukudziwa chimene chinamupulumutsa? Chitenje chija munandilongedzera, chimene ndinkati ndikachitani nacho ku Ulaya. Ndinamumanga m'chiuno ngati mayi wa kumpingo, analowa bwinobwino, ndipo mpaka lero akundichonderera kuti ndimugulitse.

Mukangolowa, kudzanja lamanja kuli chifanizo chija cha Amayi Maria atanyamula mtembo wa Yesu pamiyendo, chimene anasema Michelangelo ali mnyamata wosakwana zaka 25. Chili kuseri kwa galasi chifukwa mu 1972 munthu wina anachiphwanya ndi hamala. Mukayenda pang'ono kuchokera pamenepo, pali guwa limene pansi pake panagona Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja mumatisimbira kuti munakamuona ku Blantyre mu 1989, mutanyamuka usiku pa lole. Ine ndimayembekezera golide ndi zokongoletsa zambirimbiri, koma ndi mwala woyera basi, atalembapo dzina lake m'Chilatini. Kutsogolo kwake kuli mabenchi, ndipo pamenepo mpopempherera, mlonda amaletsa phokoso ndi zoimaima. Ndinagwada pakati pa amayi achikulire amene ndikuganiza kuti anali a ku Poland, mmodzi akulira mwakachetechete, kolona ali m'manja. Ndinakutchulani dzina, ndinatchula agogo ndi miyendo yawo ija, ndi malemu bambo. Kunena zoona, pa ulendo wonsewo mphindi zimenezi ndi zimene ndinamva kuti ndafikadi. Za pa windo zija n'zabwino, koma aliyense amakhala ali kalikiliki ndi foni m'mwamba.

Kenako tinakwera pamwamba pa denga lozungulira lija, masitepe 551 ukapanda kukwera chikepe. Kumapeto kwake kanjira kamapanikiza, khoma n'kupendekera, moti umayenda chopendekeka. Inuyo ndi bondo lanu, mukadzabwera, tidzangoyang'ana tili pansi.

Colosseum ndinaionera kunja, ndalama ya tikiti ndinaisungira sitima yobwerera. Ndi chibwalo chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 80, mmene anthu ankaonerera anzawo akumenyana ndi zilombo. Ku kasupe wa Trevi, kumene anthu amaponya makobidi, ine sindinaponye kalikonse, ngakhale ndalamazo zimapita ku Caritas kukathandiza osauka. Mwana wasukulu nayenso ndi wosauka. Madzi akumwa okha ndiye Roma ndi wowolowa manja, m'misewu muli mipopi yachitsulo yotuluka madzi ozizira usana ndi usiku, umangotunga m'botolo osalipira.

Tsopano kolona. Ndinagula m'kamsewu kotchedwa Borgo Pio, pafupi ndi Vatican pomwepo, wamtengo, osati wapulasitiki. Ndinagula m'mawa Angelus isanayambe, ndipo a Papa akudalitsa ndinali nditamugwira m'manja, ndiye musadandaule zimenezo. Wina ndi wa agogo, wa mikanda ikuluikulu kuti asamavutike pogwira. Pa positi sinditumiza, ndikuopa angasowe panjira. Pali mchemwali wina wa kuno akubwera kumudzi mu December, atsikira ku Chileka. Mungonditumizira nambala ya achimwene kuti adzakumane naye ku Limbe. Zithunzi zina ndiponya usiku ndikafika pa WiFi ya ku hositelo. Mupereke moni kwa agogo.