Mayi ayamba kuiwalaiwala, kodi ndiwagulire kashiamu?

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukufunsa ngati kuchipatala angayeze kashiamu wa muubongo wa mayi anu, komanso ngati mapiritsi a kashiamu angawathandize.

Ineyo ndinagulapo. Bambo anga atayamba kundiitana dzina la malemu mng'ono wawo, ndinathamangira m'tauni, wogulitsa n'kundilonjeza kuti mabotolo atatu abweza nzeru zawo. Sindiiwala tsiku lina atakhala pakhonde, piritsi lili m'dzanja, akundifunsa kachitatu kuti mayi apita kuti, chikhalirecho mayi ali pambali pawo akusenda mbatata. Mabotolo anatha, kuiwala sikunathe. Mkwiyo ndi umene unandikhazika pansi kuti ndiwerenge.

Ubongo umamufunadi kashiamu. Pamene selo la ubongo lakumana ndi linzake pali kampata kotchedwa synapse. Uthenga ukafika, timakomo timatseguka, kashiamu n'kulowa, ndipo ndi iyeyo amachititsa selo kutulutsa mankhwala owolokera kwa linzakelo. Bernard Katz ndi Ricardo Miledi anatsimikiza zimenezi ku London m'ma 1960, poyesa minyewa ya achule. Koma kunja kwa selo kashiamu amachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 kuposa mkati, ndipo selo limachita kufuna choncho. Wolowayo limamupopera kunja msangamsanga, wina n'kumutsekera m'nkhokwe zake, endoplasmic reticulum ndi mitochondria. Akachulukitsa mkati, selo limafa. Ndiye wokuuzani kuti "onjezerani, mutu uwongoke" akunama, akudyera pa misozi yanu.

Kuyeza kwakeko kumandigometsa mpaka lero. Mu 1962 Osamu Shimomura anapeza mu jellyfish, kanyama kofewa ka m'nyanja zamchere, puloteni yowala ikakhudzana ndi kashiamu. Mu 1985 Roger Tsien ndi anzake anapanga utoto wotchedwa fura-2, umene kuwala kwake kumasonyeza kuchuluka kwa kashiamu mkati mwa selo. Masiku ano ofufuza amayang'ana ubongo wa mbewa pa maikulosikopu, synapse iliyonse ikuthwanima ngati chiphaniphani uthenga ukamadutsa. Koma zimenezi n'za mu labotale, sachitira wodwala pamzere wa kuchipatala.

Nanga mutani?

Kuyeza magazi kumangosonyeza kashiamu wa m'magazi, amene thupi limamusunga pamlingo wake potapa m'mafupa, momwe muli pafupifupi 99 peresenti. Komabe pitani nawo kuchipatala. Kashiamu wa m'magazi akakwera kapena kutsika kwambiri, kapena vitamini B12 akaperewera, munthu amasokonezeka mutu, ndipo zimenezo zimachizika. Mapiritsi adikire dokotala. Pakadali pano aphikireni usipa, adye ndi minga yomwe.