Za chitupa ndi foni ija, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, pepani ndachedwa, ndinali m'tauni mvula yamawawa ija itandigwira. Mwati mnyamata wathuyu anakumana ndi apolisi usiku ku Chibavi akuchokera koonera mpira, anamufunsa chitupa, alibe, kenako akuti tsegula foni tione. Ndiye mukufunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

Za chitupa ndisatayepo nthawi. Wakwanitsa zaka 16, ndiye apite ku NRB, bungwe lopereka zitupa za unzika, akalembetse, aziyenda nacho. Kuyambira 2017 muja anthu tinalembetsa mwaunyinji, chitupa chimenechi chimafunidwa paliponse, kubanki, pogula simu khadi. Wapolisi akakufunsa kuti ndiwe ndani, umuuze dzina, umuonetse, iwe n'kumapita. Palibe chochitira makani pamenepo.

Koma foni ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ndakwiya. Malamulo aakulu a dziko lino, aja a 1994, pa gawo 21 amanena kuti munthu ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake. Asamangosechedwa m'thupi, m'nyumba kapena katundu wake, asalandidwe zinthu, ndiponso asasokonezedwe pa zomwe akulemberana kapena kuyankhulana ndi anzake. Mauthenga a pa WhatsApp ali momwemo. Inde apolisi amasecha akakhala ndi chifukwa chenicheni chokuganizira mlandu, kapena chikalata cha kukhoti, koma osati poti wangokumana nawo usiku wavala kabudula ndi patapata. Mnyamatayo akanafunsa mwaulemu kuti, "Bwana, mukundiganizira mlandu wanji?" Mau otsika, manja poonekera. Asathawe, asalimbane nawo, usiku ulibe mboni. Angosunga m'mutu malo ake, nthawi, ndi dzina kapena nambala ya wapolisiyo ngati waiona.

Mwatchulanso kuti anamuopseza za vakabu. Eee, mau amenewo akadawagwiritsabe ntchito! Mu 2017 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti ndime ija imene ankagwirira anthu oyenda usiku ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Anakasuma ndi Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo, yemwe anamugwira m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake. Tangoganizani, venda, osati loya kapena bwana wa mu ofesi.

Tsono zitachitika kuti amutengera kuchitokosi, Mulungu atalikitse, gawo 42 likuti amuuze chifukwa chake m'chiyankhulo chimene akumva, kaya Chichewa kaya Chitumbuka. Ali ndi ufulu wokhala chete, komanso wopeza loya. Pasanathe maola 48 akaonekere kukhoti, pokhapokha ngati maolawo athera nthawi kapena tsiku loti khoti silikugwira ntchito. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, achemwali, musadzagulitse nkhuku zanu zija chifukwa cha belo. Loya ngati ndalama palibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu momwe muno. Kudandaula za khalidwe la wapolisi, kuli bungwe la Independent Complaints Commission.

Chomwe sindinamve bwino mu uthenga wanu, foniyo anamubwezera? Ngati anatenga, mawa m'mawa ndidzera kwanuko tipitire limodzi, tikafunse kuti inalembedwa m'buku liti. Mumuuze asakagone kwa anzake lero, ndipo apeze katoni ya foniyo kapena lisiti lake.