Kwa achimwene a gemu ya minibasi: yambani ndi kuchotsa, mizere ibwera pambuyo

Achimwene, ndachiona chithunzi cha pixel art (chojambulidwa ndi mapixel, timadontho ta sikirini) choyambira gemu yanu chimene mwaika m'gulu muno, chija cha kondakitala atapachikika pachitseko cha minibasi pa siteshoni ya Kulima Tower mu Lusaka. Funso lanu ndalimva: mukuti mizere ikuoneka yokukutika, chithunzi chonse chathithikana, ndipo simukudziwa poyambira kukonza. Ena akuuzani kale kuti muwonjezere mitundu. Ine ndikuti musawonjezere kanthu kaye. Mumatha kujambula, nkhope ya kondakitala uja ili ndi moyo ndithu. Vuto ndi lakuti chilichonse pa sikirini yanu chikufuula mofanana, ngati ma ngwangwazi asanu akuitanira basi imodzi, munthu osamva n'komwe kuti ikupita ku Matero kapena ku Chawama.

Yesani izi musanakhudze mzere ngakhale umodzi. Tsegulani chithunzicho mu pulogalamu ya zithunzi ngati GIMP kapena Krita, muchotse mitundu yonse chikhale chakuda ndi choyera, kenaka muchichepetse mpaka chifanane ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Mukachiyang'ana chotero muyenera kuona zinthu zitatu basi: dzina la gemu, minibasi ndi kondakitala wake, ndi zakumbuyo zonse ngati chinthu chimodzi. Panopa muona phulusa lokhalokha, chifukwa thupi la basi, khoma la kumbuyo ndi thambo zili ndi kuwala kofanana, mtundu wokha ndi umene ukuzisiyanitsa. Maso a munthu amayamba kuona kuwala ndi mdima, mtundu amauona pambuyo.

Ndiye gawani chithunzicho patatu. Zakutsogolo, monga mayi wogulitsa nthochi amene mwamuika pakona ya kumanzere, zikhale zakuda kwambiri, mwina mthunzi wokha wopanda nkhope. Pakati pa zakutsogolo ndi zakumbuyo ndi pamene pakhale basi ndi kondakitala, ndipo kuyera kwenikweni ndi kuda kwenikweni zikumane pamenepo pokha. Zakumbuyo zizimirire. Findeco House, nyumba yaitali ija ya mu tauni, mwaijambula ndi mawindo onse, aliyense ndi mzere wake wakuda. Kodi mukaiona muli patali mu October, fumbi ndi utsi zili m'mwamba, mumawerenga mawindo? Mumangoona mawonekedwe ake otuwa. Mitundu iwiri yoyandikana ndi wa thambo ikukwana, ndipo aliyense wa mu Lusaka aizindikirabe chifukwa cha kaimidwe kake. Mukatero dzina la gemu lipeza malo opumira. Liikeni kumwamba pamene pali thambo lopanda kanthu, osati pamwamba pa zikwangwani za mashopu pamene lili tsopano.

Palinso tina timene timasokoneza maso mwini wake osadziwa. Denga la basi likungokhudzana ndi mchira wa chilembo chomaliza cha dzina, ndipo dzanja la kondakitala latha ndendende pamene payambira pholo la magetsi. Zinthu ziwiri zikangokhudzana nsonga chonchi, munthu sadziwa chimene chili kutsogolo. Zitalikitseni, apo ayi china chiphimbe chinzake moonekeratu. Basi ija isunthireni kumanja pang'ono, isakhale pakatikati penipeni, ndipo dzanja limene kondakitala wakweza liloze ku dzina la gemu. Mawaya a magetsi nawonso musawachotse, ndi abwino, koma apendekekere kumene mukufuna kuti maso apite. Mawu a Start akhale okha pansi, ndi mpata mbali zonse.

Tsopano za mizere, pamene mtima wanu uli. Mu pixel art mzere wopendekeka ndi masitepe, ndipo umaoneka wowongoka pokhapokha masitepewo akakhala ofanana. Mapixel awiri, tsikani, awiri, tsikani, awiri. Kapena imodzi imodzi, kapena atatu atatu. Ndakulitsa chithunzi chanu n'kuwerenga denga la basi: 3, 1, 4, 2, 2, 5. Kukukutika kumene mukudandaula n'kumeneko. Si dzanja lanu kunjenjemera, ndi manambala amenewo. Fufutani, musankhe nambala imodzi, mupite nayo mpaka kumapeto. Ngati kupendekeka kumene mukufuna sikukugwirizana ndi masitepe ofanana, sinthani kupendekekako, palibe amene adzayeze basi yanu ndi rula.

Mzere wokhota uli ndi lamulo lake. Manambala azitsika mwadongosolo kapena azikwera mwadongosolo: 5, 3, 2, 1, 1, kenaka mzere ukayamba kuima chilili ayambenso kukwera, 2, 3, 5. Pakangolowa 3 pakati pa 1 ndi 1, tayala limaoneka lobenthuka, ndipo n'zimene zachitika pa tayala lanu lakutsogolo. Jambulani gawo limodzi mwa magawo anayi a tayala, mulikonze bwinobwino, mulikope n'kulitembenuza katatu.

China ndi timakona tonenepa. Mukakoka mzere ndi mbewa ya kompyuta, pamene sitepe ikukumana ndi inzake pamatsala pixel yowonjezera yopanga ka L, ndipo mzere umaoneka wonenepa pena, woonda pena. Mapixel a mzere woonda azikhudzana ndi ngodya zokha. Mu Aseprite, pulogalamu yojambulira pixel art, muli kabokosi kolembedwa Pixel-perfect mukasankha pensulo, kachongeni. Sikathetsa vuto la manambala lija, kamangochotsa timakonati. Ngati Aseprite yakudulirani, LibreSprite ndi yaulere ndipo imagwira ntchito mofanana kwambiri, pomwe Piskel imatseguka mu browser momwemo.

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene chithunzi chanu chingasinthe kwambiri ndi ntchito yochepa. Mwazungulitsa mzere wakuda bii pa chinthu chilichonse, ngakhale mitambo. Mzere wakuda ndi chida chokopera maso, ndiye mukaupereka kwa aliyense sukopanso. Usiyeni pa kondakitala, pa basi ndi pa dzina la gemu. Zina zonse muzizungulitse ndi mtundu wakuderapo wa chinthu chomwecho: nthochi ndi bulawuni, malaya ofiira ndi kufiira kodera. Ngakhale pa kondakitala yemweyo, mizere ya m'kati, ya makwinya a malaya ndi zala, isakhale yakuda ngati ya kunja. Komanso sankhani kumene kuli dzuwa. Likakhala kumwamba kumanzere, mzere wa mbali imeneyo uwalirepo kapena uduke pena ndi pena, wa kunsi kumanja ukhale wakuda. Nkhope ya kondakitala mwaiwalitsa pakati n'kuideretsa mozungulira monse, n'chifukwa chake ikuoneka yotupa. Mthunzi upite mbali imodzi, kunsi kwa kapu ndi kunsi kwa chibwano. Mthunziwo usatsatirenso mzere wa kunja sitepe ndi sitepe, chifukwa mizere iwiri yoyenda limodzi chonchi imachititsa masitepe kuonekera kawiri.

Kufewetsa m'mphepete mwa mzere, kuika pixel ya mtundu wapakati pa kona ya sitepe yaitali, chitani pomalizira ndipo pang'ono pokha. Pa zilembo za dzina kumathandiza. Mukachita paliponse chithunzi chimachita chifunga.

Za mitundu ndingonena mwachidule. Game Boy ya mu 1989, kamakina ka m'manja koseweretsera magemu, inali ndi mapixel 160 m'lifupi ndi 144 m'litali, mitundu inayi yokha, koma munthu amadziwa msanga chimene akuona. PICO-8, pulogalamu yopangira timagemu, ili ndi mitundu 16 pa sikirini ya 128 kwa 128. Pitani pa webusaiti ya Lospec mukasankhe palette (gulu la mitundu yosankhidwa kale) ya mitundu 16, mudzimange nayo. Pochita mthunzi musamangothira kuda, kankhirani mtunduwo ku buluu kapena pepo, ndipo powala kankhirani ku chikasu.

Chinanso chimene chikuwononga mizere yanu sichikuchokera kwa inu n'komwe, ndi kakulidwe ka chithunzi. Mwajambula pa 500 kwa 300, ndiye pochikulitsa kuti chidzaze sikirini mapixel ena akukula kuposa anzawo. Gwiritsani ntchito 320 kwa 180, imene gemu ya Celeste ya mu 2018 imagwiritsa ntchito. Mukachulukitsa kanayi mupeza 1280 kwa 720, kasanu ndi kamodzi mupeza 1920 kwa 1080, pixel iliyonse ikukula mofanana. Mu pulogalamu yopangira gemu, Godot kapena Unity, muzimitse kusalaza kwa zithunzi, musankhe Nearest kapena Point. Zilembo za dzina nazo mwazikulitsa kawiri pazokha, ndiye mapixel ake ndi aakulu kuposa a basi. Zijambuleninso pamanja pa kukula kwake kwenikweni. Mawu aja mwalemba kumbuyo kwa basi ndasangalala nawo, ndi minibasi yeniyeni ya kuno, koma pa mapixel atatu m'litali sakuwerengeka. Zilembo zimafuna mapixel osachepera asanu m'litali kuti ziwerengeke bwino, ndiye muwafupikitse akhale mawu amodzi kapena awiri.

Mukamadzaikanso m'gulu muno, chikulitseni kaye nokha kasanu ndi kamodzi, musunge ngati PNG, chifukwa Facebook ndi WhatsApp amafinya zithunzi, ndipo kachithunzi kakang'ono kamafika kwa ife katasungunuka. Mutumize ziwiri, chamitundu ndi chakuda ndi choyera chija. Ndikufuna ndione kaye ngati basi yasiyana ndi khoma, za tayala tidzawerengera limodzi pambuyo pake.