Hotela ya m'phiri yodzitcha yosamala chilengedwe: yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena akwathu amene amayendetsa thiraki ku Johannesburg. Kalata yawo inali yaitali, ndiye ndingotolapo mitu. Mwezi wa Meyi akukwanitsa zaka 10 ali pabanja, ndipo ndalama ya chipereganyu ikawafika akufuna kupita ndi mayi akunyumba ku hotela ina yapamwamba ya m'mapiri a Drakensberg. Pa intaneti hotelayo ikudzitcha yosamala chilengedwe, ndipo ili ndi spa. Afunsa motere: "Kodi mawu akuti eco aja ndi oona, kapena ndi nyambo yongokwezera mtengo? Nanga ku spa kuja munthu amakatani, amavula zonse? Mayi akunyumba ndi amanyazi, komanso ali ndi BP."

Achimwene, mwaganiza bwino, ndipo mlamu wanga ndi wodala. Pitani, bola ulendowo usakhale wa ngongole. Koma musanalipire dipoziti, imbani foni ku hotelako mufunse za madzi. Ndikhalitsa pa nkhani ya madziyi chifukwa ndi pamene pagona yankho la funso lanu loyamba.

Mukanyamuka ku Johannesburg pa msewu wa N3, pa Harrismith mudzakhota kulowera kumene kuli msewu wa R74, ndipo musanatsike phiri la Oliviershoek mudzaona damu lalikulu la Sterkfontein. Mudzaime pang'ono muliyang'ane. Madzi ambiri a m'damu limenelo ndi a mtsinje wa Tugela, amene amapopedwa kukwera phiri, kusungidwa mmenemo, n'kudzatulutsidwa kupita mumtsinje wa Vaal pakafunika. Madzi ena a mu Vaal amachokera kuseri kwa mapiri omwewo, ku damu la Katse ku Lesotho. Ndiye kuti madzi amene mlamu amaphikira nsima ku Johannesburg, mbali ina gwero lake ndi mapiri amene mukufuna kukagonawo. Ife amene tinakula tikuliona phiri la Mulanje zimenezi si zachilendo, chifukwa Ruo, Lichenya ndi Likhubula yonse imatsika m'phiri limodzi, ndipo chikaonongeka kumtunda amamva kuwawa ndi anthu akumunsi. Hotela ya m'phiri imakhala kumtunda kwa aliyense. Madzi amene yachapira mashiti, yasambitsira alendo, yatsukira mapoto, amatsikira kwa anthu a m'midzi ya amaNgwane ndi amaZizi, amene amamwetsa ng'ombe zawo m'mitsinje yomweyo.

Ndinagwirapo ntchito ku londile ya hotela ina kwa zaka zingapo ndisanayambe kulemba, ndipo ndi kumene ndinadziwira kuti ulemerero wa hotela umadyera pa madzi otentha. Kakhadi kaja ka m'bafa, kakuti mukapachika thaulo ndiye kuti muligwiritsanso ntchito, n'kabwino ndithu, koma n'kachinthu kotchipa kwambiri kamene hotela ingachite, ndipo imapindula nako ndi iyo yomwe. Pa hotela ina ya m'mapiri omwewo ndinapachika thaulo langa monga kakhadi kananenera, koma pobwera koyenda ndinapeza anandisinthira onse, ngakhale amene sindinawakhudze n'komwe. Mayi wokonza m'zipinda anandiuza motsitsa mawu kuti abwana amawakalipira mlendo akapeza thaulo lonyowa. Zinandikhumudwitsa, chifukwa pakhomo la hotelayo panali chikwangwani chachikulu chojambula tsamba lobiriwira.

Kwina ndinaona zosiyana. Nditafunsa kuti madzi a m'bafa amapita kuti, mnyamata wina wosamalira pamalopo anavala mabuti ake n'kunditsogolera kuseri kwa khitchini, kudutsa pamulu wa kompositi, mpaka pa timadamu titatu todzala bango. Pa koyamba pankamveka kafungo ka sopo ndipo madzi ake anali otuwa. Pa kachiwiri anali atayamba kuyera. Pa kachitatu anatunga ndi kabotolo n'kukaloza kudzuwa kuti ndione, ndipo m'mphepete mwake munali achule ndi atombolombo. Mizu ya bango ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mmenemo ndi zimene zimadya zonyansazo, kenako madziwo amathirira kapinga ndi mitengo. Mnyamatayo ankafotokoza monyadira ngati akundionetsa dimba la agogo ake. Hotela imene ikuchitadi zoona imakondwa ukafunsa zotere. Imene ikungodzikongoletsa ndi mawu imakuyankha kuti amene amadziwa zimenezo sanabwere lero.

Chachiwiri kufunsa ndi moto. Ku Drakensberg kumazizira koopsa, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene m'mawa udzu umakhala woyera ndi chisanu ndipo pansonga za mapiri pamagwa sinowo. Chipinda chofunda, madzi otentha usana ndi usiku, dziwe losambiramo lotenthetsa, sauna (kachipinda kotentha kotulutsira thukuta), zonsezi zimamwa magetsi ambiri, ndipo magetsi ambiri a Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, ndi a malasha. Hotela zochuluka zinaika masola nthawi imene kuzimazima kwa magetsi kunafika posauzana mu 2023, koma kuika masola ochepa padenga la ofesi n'kosiyana ndi kutenthetsa madzi a alendo onse ndi dzuwa. Funsani kuti madzi a m'zipinda amatenthetsa ndi chiyani. Akakuuzani za magiza a sola kapena makina otchedwa heat pump, amene amatenthetsa madzi ndi magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi giza wamba, dziwani kuti aikapo ndalama zenizeni. Funsaninso za nkhuni za pamoto wa m'chipinda chochezera. Yankho labwino ndi wattle, mtengo wochokera ku Australia umene unafalikira m'zigwa za kumeneko, umamwa madzi ambiri n'kutsamwitsa zomera zam'deralo. Boma la South Africa lakhala likulimbana nawo kuyambira mu 1995 kudzera mu pulogalamu ya Working for Water. Kuotcha wattle ndi kuthandiza phiri. Kuotcha mitengo yachilengedwe ya m'zigwa ndi mlandu, ndipo ife tikudziwa mmene mkungudza unathera pa Mulanje tikuona ndi maso.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri, mwina chifukwa ndinavalapo yunifolomu. Hotela singadzitche yosamala chilengedwe pamene mayi amene akukuyalirani bedi akulandira ndalama yosakwana ufa wa mwezi. Mu 2024 lamulo la South Africa linaika malipiro otsikitsitsa pa R27.58 pa ola, ndipo mukayerekeza ndi mtengo wa usiku umodzi mudzaona nokha kukula kwa phompho. Yang'anani ngati hotelayo ili ndi chiphaso cha bungwe lapadera, monga Fair Trade Tourism, limene limayendera malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito pamodzi ndi za chilengedwe, kapena Green Key. Musakhutire ndi chizindikiro chimene chili pa tsamba la hotela, lowani pa tsamba la bungwelo muone ngati dzina lake lilipodi. Nyenyezi zija za Tourism Grading Council of South Africa zimanena za ubwino wa zipinda ndi kalandiridwe ka alendo, sizitsimikizira za chilengedwe. Mukafika, chezani ndi ogwira ntchito. Afunseni kwawo, afunseni kuti agwirapo zaka zingati. Pamalo pamene anthu a m'midzi yapafupi akhalapo zaka zambiri, ena mpaka kukwezedwa kukhala mamanijala, pamakhala pabwino. Ndipo tipi ya wokonza m'chipinda mumupatse m'manja mwake.

Tsopano za spa, zimene ndikudziwa kuti ndi zimene mlamu akuda nazo nkhawa. Muwauze kuti palibe chachilendo kwenikweni. Kwathu mwana akadwala chimfine amamufukiza, kuwiritsa masamba a bulugama ndi mandimu, kumufunditsa bulangete pamwamba pa mphika kuti nthunzi imulowe. Mayi akachira amamuthowa ndi madzi otentha. Munthu akabwera kumunda msana ukuwawa amamutikita. Spa ndi zomwezo, kungoti zaikidwa m'nyumba yokongola, muli kanyimbo kapansipansi ndi fungo la mafuta onunkhira.

Mukafika amakupatsani fomu yofunsa za thanzi lanu. Mlamu alembe zoona zokhazokha, za BP ndi mankhwala amene akumwa, ndipo ngati ali oyembekezera anene. Kenako amakupatsani mkanjo wa thaulo ndi masilipasi, n'kukulozerani kachipinda kosinthiramo. Wotikita amatuluka kuti muvule panokha, ndipo amagogoda asanalowe. Zovala zam'kati simukakamizidwa kuvula, malo ambiri amaperekanso kakabudula kovala kamodzi n'kutaya. Mumagona chafufumimba pa kabedi kokhala ndi bowo loikapo nkhope, mutafunda thaulo lalikulu, ndipo iye amavundukula pokhapo pamene akutikita, mwendo umodzi, kenako n'kufunditsanso, kenako msana. Pochita buking'i nenani kuti mayi akufuna wotikita wamkazi, limeneli ndi pempho la tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene adzadabwe. Malo ambiri ali ndi chipinda cha anthu awiri, mabedi awiri moyandikana, ndipo kwa munthu wamanyazi kukhala ndi amuna ake pambali kumachotsa mantha. Ngati zikuwavutabe, ayambe ndi kutikita mapazi, mutu ndi mapewa, komwe savula kanthu. Dzanja likalemera anene kuti achepetse, asapirire poopa kuoneka achimidzi. Safunsa anadya phula.

Pa sauna pokha ndiye ndikuchenjezeni mwamphamvu. M'kachipinda kamatabwa kaja kutentha kumafika madigiri 80 mpaka 100. Chipinda cha nthunzi chimakhala chapansi, cha m'ma 45, koma chinyezi chake chimalemera pachifuwa. Kutentha kotere kumafutukula mitsempha ya magazi, ndipo munthu amene akumwa mankhwala a BP akhoza kuchita chizungulire podzuka mpaka kugwa. Mlamu akafunse dokotala kapena anamwino akukiliniki kwawo musananyamuke. Akaloledwa, asapitirire mphindi 10, akhale pa benchi yapansi pomwe sipatentha kwambiri, amwe madzi, ndipo adzuke pang'onopang'ono. Jakuzi, bafa lalikulu la madzi otentha otumphuka, nayonso isapitirire madigiri 40. Inunso achimwene, musalowe mutamwa mowa, ngakhale vinyo wa katambula kamodzi amene amapereka polandira alendo.

Pa mtengo, werengani bwino. Hotela zambiri za m'mapiri amenewa zimalemba mtengo wa munthu mmodzi pa usiku umodzi, osati wa chipinda, ndiye muchulukitse kawiri. Funsani ngati chakudya chonse chili momwemo, chifukwa kumeneko kulibe kachiwaya kapena kalesitilanti kapafupi kothawirako. Kutikita kumalipiridwa padera pafupifupi nthawi zonse. Muonjezere mafuta a galimoto ndi ndalama za pa ma tollgate a N3. Meyi mwasankha bwino: mvula yamabingu ya chilimwe cha kumeneko imakhala itatha, kumwamba kumayera, ndipo chisanu chachikulu chimakhala chisanafike. Pakati pa sabata mitengo imatsikako. Ndalama ikapanda kukwana masiku onse, gonani usiku umodzi kapena uwiri ku hotela yapamwambayo, masiku enawo mukakhale ku Thendele, m'paki ya Royal Natal, komwe kuli tinyumba ta bungwe losamalira mapaki la Ezemvelo KZN Wildlife todziphikira nokha, toyang'anizana ndi phiri lenilenilo. Kumeneko mukhoza kunyamula ufa wanu ndi usipa.

Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musathere nthawi yonse m'nyumba. Ndaonapo anthu atalipira ndalama zambiri n'kungokhala mu mkanjo wa thaulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, phiri ali kuliona pawindo ngati pa TV, ndipo mtima unandiwawa. Mapiri amenewa Azulu amawatcha uKhahlamba, kutanthauza mpanda wa mikondo, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. M'mapanga mwake muli zithunzi zikwizikwi zimene anthu a mtundu wa San anajambula pamiyala, makamaka ntchefu, zonga zimene ife tili nazo ku Chongoni ku Dedza. Pali khoma la thanthwe lotchedwa Amphitheatre, lotalika makilomita pafupifupi 5 m'litali mwake, ndipo pamenepo ndi pamene mathithi a Tugela amagwera pansi mamita 948, ngakhale m'miyezi yopanda mvula madzi ake amachepa kwambiri. Ulendo wa pansi wopita ku Tugela Gorge, chigwa chakuya cha mtsinjewo, ndi makilomita pafupifupi 14 kupita ndi kubwera, sukwera kwambiri, koma ngati mlamu atatopa mukhoza kubwerera panjira popanda chotaya. Lembani mayina anu m'kaundula wa oyenda m'phiri musanayambe, tengani wolondolera wa m'deralo, ndipo anyani musawapatse chakudya. Malungo kulibe, koma dzuwa la m'phiri limaotcha ngakhale kukuzizira.

Kutikita mudzakuike madzulo a tsiku loyenda, miyendo itatopa, ndi pamene kumakoma. Ndipo m'mawa wina mudzadzuke kusanache, mumufunditse mlamu bulangete la pabedi, mutuluke panja ndi makapu a tiyi. Dzuwa limayamba kumenya pamwamba pa khoma la Amphitheatre chigwa chonse chikadali mumdima, thanthwe limafiira ngati khala la moto, ndipo kufiirako kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa udzu. Mudzanyamule majuzi okhuthala ndi zipewa zaubweya, chifukwa nthawi imeneyo mphepo yake imalasa m'makutu.