Mafilimu oopsa a magazi ambiri: poyambira ndi polekezera

Achimwene, funso lanu lamveka. Mwati anzanu akonza zoonera Terrifier 3 Loweruka likubwerali, inu mafilimu oopsa simunawazolowere, ndiye mukufuna kudziwa ngati magazi onse akukambidwawo ali ndi phindu kapena n'kunyansa chabe, komanso ngati mng'ono wanu wa zaka 14 angakhale nawo. Za mwanayo tisatalikitse: asaonere. Za inuyo, filimu imeneyo si poyambira. Sikuti imaopsa kuposa zinzake ayi, koma ntchito imene imagwira ndi yosiyana ndi imene mukuyembekezera.

Mantha ndi kunyansidwa ndi zinthu ziwiri. Mantha amabwera chinthu chisanachitike: chitseko chatseguka pang'ono, munthu akuyenda mumdima, inu mukudziwa kuti kuseriko kuli kanthu. Kunyansidwa kumabwera chinthu chitachitika kale, maso akaona zosayenera kuoneka, monga matumbo, fupa lotulukira kunja, khungu losendeka. Thupi nalo limazilandira mosiyana. Mantha amathamangitsa mtima. Kuona magazi, kwa anthu ena, kumayamba n'kuthamangitsa mtima kenako n'kuugwetsa mwadzidzidzi, magazi osafika mokwanira ku ubongo, munthu n'kukomoka. Choncho mukamva kuti ku America anthu ankasanza ndi kukomoka poonera Terrifier 2 mu 2022, musaganize kuti umenewo ndi umboni woti filimuyo ndi yoopsa kwambiri. Ndi umboni woti imakhudza m'mimba.

Mafilimu ambiri amene anthu amawakumbukira kuti anali a magazi okhaokha, mukawaonanso modekha mupeza kuti magaziwo munawaika nokha m'mutu mwanu. The Texas Chain Saw Massacre ya 1974 ili ndi malo amene mtsikana amakolekedwa pa mbedza yopachikapo nyama, koma kamera sionetsa mbedzayo ikulowa m'thupi. Mumaona mbedza, mumaona nkhope, mumamva kukuwa, zotsalazo mumamaliza nokha. Mu Psycho ya 1960, Alfred Hitchcock anajambula kuphedwa kwa mayi m'bafa poimika kamera malo 78 n'kudula zithunzizo ka 52. Magazi ake anali madzi a chokoleti, poti filimuyo ndi yakuda ndi yoyera, ndipo phokoso la mpeni linali la vwende likubayidwa. Ngakhale Saw yoyamba ya 2004, imene mbiri yake ndi ya nkhanza, pa malo otchuka aja munthu akudzicheka phazi kamera imathera nthawi yambiri pankhope. Zinadzafika poonetsa zonse m'mafilimu otsatira, ndalama zitachuluka.

Nanga bwanji anthu amakonda zoonetsa zonse? Sikuti ndi oipa mtima. Katswiri wina wa za maganizo ku America, Paul Rozin, anafufuza chifukwa chimene anthu amadyera tsabola pamene amawawotcha m'kamwa. Anapeza kuti munthu amasangalala thupi likamakuwa kuti kwaopsa pomwe mutu ukudziwa kuti palibe chimene chichitike. Wodya kambuzi ndi woonera Terrifier akusewera masewera amodzi. Ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark anayezanso zimenezi: anamanga tizipangizo toyeza mtima pa anthu 110 amene ankalowa m'nyumba yoopsezera alendo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2020 zinaonetsa kuti chisangalalo chimakwera mantha akamakwera, koma pali polekezera. Akapitirira pamenepo chisangalalo chimatsika. Polekezera pake munthu aliyense ali ndi pake, ndiye anzanu akamati "si yoopsa iyi" akunena za matupi awo, osati lanu.

Chifukwa china, chimene ine ndimachilemekeza, ndi luso la manja. Ambiri okonda mafilimu awa amaonera ngati mmene munthu amaonera wamatsenga, n'kumadzifunsa kuti apanga bwanji. Tom Savini, amene anakonza mabala a mu Dawn of the Dead ya 1978 ndi Friday the 13th ya 1980, anali wojambula zithunzi ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mabala enieni anawaona ndi maso. Damien Leone, mwini Terrifier, nayenso ndi mmisiri wa zimenezi, ndipo mafilimu awiri oyamba a Terrifier kwenikweni ndi chionetsero cha ntchito ya manja ake. Kapangidwe kake n'kothandiza kukadziwa chifukwa kamachepetsa nseru. Amisiriwa amadinda nkhope kapena mkono wa wosewera ndi phala lofewa limene madokotala a mano amadindira mano, n'kupanga chikombole, n'kuthiramo silikoni kapena jelatini. M'kati mwa chiwalo chopangacho amadutsitsamo timapaipi ting'onoting'ono tolumikiza ku jakisoni wamkulu kapena pampu, ndipo munthu wobisala pansi pa tebulo ndiye amakankha magazi mpeni ukafika. Magaziwo ndi manyuchi a chimanga osakaniza ndi utoto wofiira wa m'zakudya, kuwonjezerapo kadontho ka wobiriwira kapena wabuluu, pena ufa wa koko, kuti ade. Akaiwala kuwadetsa, magetsi owala a pojambulira amawasandutsa ofiirira ngati juwisi. Akachulutsa madzi amayenderera msanga osamata pakhungu. Aliyense amene anazingapo mbuzi amadziwa kuti magazi sachedwa kuda ndi kuundana, n'chifukwa chake diso lathu limagwira bodza msanga. Magazi opangidwa pa kompyuta ndiwo amalephera kwambiri: sanyowetsa malaya, sadontha ndi kulemera kwake, ndipo wosewera sagwedezeka pamene amugwera.

Theka la ululu umene mumaumva lili m'makutu. Kuthyoka kwa fupa ndi karoti kapena kabichi akuthyoledwa pafupi ndi maikolofoni, kuphulika kwa mutu ndi chivwende. Ndiye zikakukulirani, tsitsani voliyumu m'malo motseka maso. Mukatseka maso phokoso likupitirira, mutu wanu umajambula zoipa kuposa zimene zili pa sikirini.

Tsopano malire ake. Oyamba ndi oti diso limazolowera msanga. Bala loyamba limakudzidzimutsani, lachitatu mumaliyang'anitsitsa, lachisanu mwayamba kuona pamene labala walumikizana ndi khungu. Kamera ikakhalitsa pa chiwalo chopanga, bodza limaoneka. Terrifier 2 ndi ya mphindi 138, ndipo kuphedwa kwa mtsikana m'chipinda chogona kumatenga mphindi zingapo osadukiza. Ambiri amayamba ndi kugwira pakamwa n'kumaliza ndi kuseka, ena ndi kutopa. Peter Jackson ankazidziwa zimenezi pamene ankapanga Braindead mu 1992, ndipo anachita dala kusandutsa magaziwo nthabwala, munthu akudutsa pakati pa mitembo yoyenda atanyamula makina otchetchera kapinga. Umboni wina ndi Evil Dead Rise ya 2023. Anagwiritsa ntchito malita pafupifupi 6,500 a magazi opanga, koma malo amene anthu amakambabe ndi pamene chopalira tchizi chikukwecha katumba ka mwendo. Chifukwa chake n'chosavuta: palibe wa ife amene amadziwa ululu wodulidwa pakati, koma tonse tinadzipalapo chala, tinazukapo chikhadabo, tinalowedwapo kanthu m'diso. Bala laling'ono limene thupi likulidziwa limapweteka woonera kuposa mtsinje wa magazi.

Malire achiwiri ndi aakulu kuposa amenewo. Magazi amagwira mtima ngati mwini magaziwo mukumudera nkhawa. Mu Hereditary ya 2018 muli ngozi ya galimoto yoipa zedi, koma ikangochitika kamera imakhala pankhope ya mnyamata woyendetsa, ali duu, akulephera kucheuka kumbuyo. Chithunzi chonyansacho amachionetsa pambuyo pake, mwachidule, mayi akulira. Masekondi ochepawo amakhala m'mutu masabata chifukwa filimu inayamba yakudziwitsani banjalo. Mu Terrifier ophedwa ambiri ndi anthu amene mwangowaona kumene, ndipo amene kamera imamukonda ndi wakuphayo. Pamenepo ndi pamene ine ndimaika mzere. Filimu ikakuimikani kumbali ya wozunzidwa, imakhala ikukuuzani kanthu za mantha, za imfa, za thupi. Ikakuimikani kumbali ya wozunza kwa maola awiri, chotsala ndi kuyamikira luso la mmisiri basi. Malonda ake akuyenda, poti Terrifier 2 inapangidwa ndi madola pafupifupi 250,000 n'kubweza oposa 15 miliyoni, ndipo yachitatu ya 2024 inafika pafupifupi 90 miliyoni, koma ambiri amapita kuti akadziyese kulimba mtima pamaso pa anzawo.

Pali mtundu wina umene ndikukulangizani kuupewa ngakhale mutazolowera: wosakaniza kuzunza ndi kugwirira. Bungwe loona za mafilimu ku Britain, BBFC, limalola magazi ambiri pa mlingo wa 18, koma mu 2011 linakana The Human Centipede 2 pa chifukwa chimenechi, ndipo linadzailola atadula mphindi 2 ndi masekondi 37. Cannibal Holocaust ya 1980 nayo isiyeni, muli nyama zenizeni zimene zinaphedwa pamaso pa kamera. Komanso musasokoneze mafilimu ndi mavidiyo a ngozi zapamsewu kapena a anthu akuotchedwa amene amayenda pa WhatsApp. Amenewo ndi anthu enieni, ali ndi abale, ndipo chitetezo chija chodziwa kuti n'zopeka palibe.

Musanaonere filimu iliyonse, chitani izi. Lembani dzina lake pa intaneti pamodzi ndi mawu oti BBFC. Tsamba lawo limafotokoza mtundu wa nkhanza zimene zilimo. Tsamba la IMDb lili ndi gawo la Parents Guide limene limatchula malo ndi malo, kotero mutha kudziwiratu ngati muli za maso, za ana kapena za nyama. Pa DStv yang'anani nambala ndi zilembo: V ndi nkhanza, ndipo 16 V ndi 18 V n'zotalikirana kwambiri. Mukaona mawu oti unrated pa filimu ya ku America, dziwani kuti sinapatsidwe mlingo ndi bungwe lawo, ndipo Terrifier 2 ndi 3 zinatuluka choncho. Ku France yachitatuyi anailetsa kwa osakwana zaka 18, chinthu chimene sachitachita. Vuto kwathu kuno n'loti mafilimu oikitsa pa fulashi kapena pa memore amabwera opanda chizindikiro chilichonse, dzina lokha, ndiye kufufuzako ndi kwanu.

Poyambira ndingakupatseni His House ya 2020, ya banja lothawa nkhondo ku South Sudan limene lapatsidwa nyumba ku England. Magazi ndi ochepa, koma nkhani ya mfiti yotsatira anthu amene ali ndi mangawa mudzaimva msanga. Ikakukomerani, onerani The Thing ya 1982 kuti muone luso la manja pachimake, kenako Evil Dead Rise. Mukafuna filimu ya magazi ambiri koma yokhala ndi chonena, The Substance ya 2024, ya mayi amene akukanidwa ntchito chifukwa cha ukalamba, ndiyo yoyenera. Inapata mphoto ya Oscar pa luso lokonza nkhope ndi matupi, koma muli maliseche ambiri, choncho sankhani bwino woonera naye. Mukadutsa zimenezi muli bwinobwino, Terrifier mudzaiona mukudziwa chimene mukuyang'ana.

Ngati Lowerukalo mupitabe, idyani pang'ono, osati kukhuta kapena kukhala ndi njala, imwani madzi, mowa uchepe, ndipo khalani pafupi ndi khomo. Zizindikiro zoti thupi lakana ndi kuyasamula pafupipafupi, thukuta lozizira, makutu kulira, ndi maso kuchita mdima. Zikayamba musadzuke mofulumira, poti ambiri amagwa pamenepo n'kumenyetsa mutu. Limbitsani minofu ya miyendo, mikono ndi pamimba kwa masekondi 10 mpaka 15, masulani kwa masekondi 20, bwerezani kasanu. Zimenezi zimakweza kuthamanga kwa magazi. Zikakanika gonani chagada miyendo ili pampando. Ngati munapulumukapo pa ngozi, munaonapo munthu akuphedwa, kapena maliro akadali aposachedwa pakhomo, musaonere n'komwe, ndipo simukuyenera kufotokozera aliyense chifukwa chake.

Za mng'ono wanu ndionjezere chimodzi. Terrifier 3 imachitika nyengo ya Khirisimasi, wakuphayo amavala zovala za Father Christmas, ndipo muli ana amene amaphedwa. Mwana wa zaka 14 adzanena kuti sanaope, koma mudzaona tulo tikumuvuta. Ngati akufuna zoopsa, muonetseni The Others ya 2001, ya mayi ndi ana awiri m'nyumba yamdima. Ku Britain ili pa mlingo wa 12 ndipo mulibe zodulana. Fulashi ya anzanuyo musaisiye pa TV mukamachoka.